Inki Yosasuluka ya a Diso

Achimwene anga, oyamba kubadwa kwathu, anatha zaka makumi atatu ndi chimodzi akumanga ntchentche zonamizira nsomba, koma iwo eni ake mbedza sanaponyepo m'madzi ngakhale tsiku limodzi. Musaseke. Ntchito imeneyi ilipo ndithu, ndipo inenso ndi imene ndikulelera ana. Timatenga mbedza yaing'ono, kuipana pa kachitsulo, n'kuikulunga ulusi, nthenga ndi ubweya mpaka ioneke ngati kachilombo kaja kamayandama pamtsinje. Zikakwana madazeni ambiri timaziika m'timabokosi n'kuzitumiza kunja, kwa anthu owedza mongosangalatsa mtima, amene ndimamva kuti nsomba akaigwira amaijambula n'kuibwezeranso m'madzi. Zimenezo ine zimandizunguza mutu mpaka lero, koma si nkhani yake.

Timagwirira m'chipinda cham'mwamba, pamwamba pa sitolo ya matayala. Muli matebulo awiri aatali, anthu khumi ndi anayi, aliyense ndi kanyale kake, ndipo fungo la vanishi ndi mankhwala a njenjete limakutsatira mpaka kunyumba. Kumapeto kwake kuli kachipinda ka zipangizo, kokhala ndi zenera limodzi ndi kabati yaikulu. Umo ndimo munali mwa achimwene. Kiyi wa kabatiyo ankamumangirira pachingwe m'khosi. Nthenga iliyonse, ulusi uliwonse, mtundu uliwonse umene unkafika pamatebulo athu unkayamba wadutsa m'manja mwawo. N'chifukwa chake aliyense ankawatchula a Diso, ngakhale eni kampani, amene ife timawatchula a Dazeni poti moni wawo wam'mawa ndi wakuti, "Dzulo munamanga madazeni angati?"

Kupita nawo kumsika a Diso kunali kudzichititsa manyazi. Anthu pogula tambala amamunyamula kuti amve kulemera, amagwira chidali. Iwo ayi. Ankangomugwira mutu n'kumuuzira mpweya m'khosi, phuu, kuti aone mmene nthenga zikuimira. Akatero ankazula imodzi n'kuizunguliza pachala. Kamtengo kake kakathyoka, basi, tambalayo alibe ntchito, kaya anenepe bwanji. Tiubweya take tinkafunika kukhala towuma gwa, tonyezimira, osati tofewa ngati ta mwanapiye, chifukwa tofewa timamwa madzi ndipo ntchentche imamira. Ogulitsa nkhuku ankanong'onezana kuti bambowa ndi asing'anga. Alamu anga, akazi awo, analira nazo mpaka kutopa: "Anzathu amuna awo amabweretsa nkhuku, anga amabweretsa khosi lokhala ndi miyendo!"

Nthenga za bakha ankaziyang'ana padzuwa imodziimodzi. Mchira wa ng'ombe ankautsuka katatu, kuuyanika pamthunzi, n'kuupesa ngati tsitsi la mkwatibwi. Ulusi ankaukoka pafupi ndi khutu kuti amve mmene udukire. Ukawafulumizitsa ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," iwe mtima uli m'malere kuti a Dazeni akukudikira.

Koma pamene ankavuta kwenikweni ndi pa mamaka, zolembera zikuluzikulu za inki zija. Si mtundu uliwonse umapezeka pa mbalame. Ndiye timamanga ndi nthenga yoyera kapena yotuwa, kenako n'kuipaka mtundu ndi maka: kamzere pamsana, timadontho pamapiko. Tsono chinthu chimenechi moyo wake wonse ndi wam'madzi. Inki ikakhala yachinyengo, msodzi akangoponya kawiri mtundu wonse wapita, watsala ndi kanthenga koyera, ndipo kalata yotukwana imafika kwa ife. Ogulitsa m'masitolo amalumbira ndithu kuti, "Iyi ndiye yosafufutika, bambo, onani apa alemba." A Diso sankawerenga zolembedwa. Ankagula imodzi yokha, kupaka nthenga yoyera, n'kuiponya m'tambula ya madzi pazenera. Masiku atatu. Madzi akangosintha pang'ono, makayo ankapatsa ana a oyandikana nawo kuti azijambulira magalimoto. Akakhala mbee, ankavuula nthenga ija n'kuipukutira pamkono wa malaya awo oyera. Malaya akatuluka bwino, apo ndiye ankabwerera kusitolo kukagula bokosi lathunthu. Mwa mitundu khumi ya mamaka, wopambana mayesowa unkakhala umodzi, mwina iwiri. M'zaka zonsezo palibe ntchentche yathu inabwezedwapo chifukwa chosuluka, ndipo ankanyadira zimenezo kuposa mmene ankanyadira ana awo.

Ine ndinalowa ntchitoyi bambo a ana anga atapita kukagula ndudu osabwerako. Achimwene anandigwira padzanja, kundikweza masitepe aja, n'kuuza a Dazeni kuti, "Uyu ndi mlongo wanga. Manja ali nawo, koma pakamwa mupirire." Sananame. Iwo ndi amene anandipatsa dzina lakuti Wailesi, ndipo linakakamira kuposa guluu.

Vuto linayamba mwakachetechete. Tsiku lina anandiitanira m'kachipinda kaja atagwira ulusi.

"Wailesi, magetsi a masiku ano ndi achabechabe. Uwu ndi wakuda kapena wabuluu?"

"Achimwene, kunja kuli dzuwa lotere mukunamizira magetsi? Ndi wabuluu, wowala kumene."

Anaseka, ine ndinasekanso. Patapita sabata anandifunsa za nthenga yobiriwira, akuiyesa ya khofi. Apo sindinaseke. Ndinawalondalonda mpaka analola kupita kuchipatala, ine pambuyo ngati wapolisi. Adokotala anawaunika ndi katochi n'kunena kuti m'maso monse muwiri mwayamba ng'ala, komanso shuga amene anali naye kalekale wadya kuseri kwa diso. Ng'ala akhoza kupala, anatero, koma zakuserizo sangalonjeze. Anatilembera tsiku, tsikulo litafika anatilembera lina, ndipo kakhadi kaja kanadzaza masiku osinthidwa mpaka kuseri kwake.

Tikutuluka pachipata anandigwira mkono mwamphamvu.

"Iwe, pakamwa pakopo. Ukangonena kuntchito, ine ndatha."

Ankadziwa chimene ankanena. Chaka chapitacho mayi wina wachikulire wa patebulo lathu anayamba kunjenjemera manja, ndipo sabata isanathe anamupumitsa. A Dazeni si munthu wankhanza ayi, maliro amabwera, odwala amawazonda, koma ntchentche yokhota satumiza. Nanga wosankha mitundu wosaona mitundu akanamusungira chiyani? Achimwene anali ndi zaka makumi asanu, ana awiri akadali pasukulu, ndipo kunja kwa nthenga ndi mbedza sankadziwa ngakhale kukhoma msomali. Ndinalumbira kuti ndikhala chete. Ine, Wailesi!

Nzeru ya zotsekera inali yanga, ndivomere. Mamaka athu onse thupi lake ndi lofanana, lotuwa, ndipo mtundu umaudziwira pa chotsekera. Ndinatenga lezala n'kucheka timipata pa zotsekerazo: kamodzi pa yobiriwira, kawiri pa ya khofi, katatu pa yachikasu, pa yakuda mtanda. Zosagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, monga ya pepo, ndinazisiya zosalala. Achimwene ankangoyendetsa chala chachikulu pachotsekera n'kudziwa chimene agwira. Manja awo anali akadali omwe aja, kamzere ankakakoka kowongoka ngakhale atatsinzina. Kumsika ndinayamba kupita nawo, ati kukagula tomato. Iwo ankauzira khosi la tambala n'kupinda nthenga monga kale, ine ndili chapatali. Ndikati, "Koma lero kwatentha," ndiye kuti mtundu ndi womwewo. Ndikati, "Tiyeni, miyendo yandipweteka," ndiye kuti amusiye. Tsiku lina ndinanena kuti kwatentha kukugwa mvula, wogulitsa nkhuku n'kundiyang'ana ngati ndapenga.

Tinayenda choncho chaka ndi theka. Ndinkachita mantha tsiku lililonse, koma ndinkadzitamanso mumtima kuti ndine wochenjera.

Ndiye kunabwera oda yaikulu ya wogula watsopano: madazeni makumi asanu a timphutsi tam'madzi, thupi lachikasu, msana wa nthenga yotuwa ya bakha wopakidwa khofi. Anatumiza ndi chitsanzo chomwe, atachimata pakapepala. Tonse tinamanga sabata yathunthu mpaka misana kuuma. Kupaka kunali kwa a Diso okha, Lachisanu, kuti Lolemba katundu anyamuke.

Lachinayi masana ndinabwereka mamaka awiri, ya khofi ndi ya pepo, kuti ndiyesere kachitsanzo kena ka nyambo yowala. Ndili mkati mopaka, a Dazeni anakuwa pamasitepe kuti wina atsike akathandize kunyamula mabokosi. Ndinatseka mamaka aja chothamanga, maso ali kukhomo, n'kuwaponya m'kabati. Basi, ndi zomwezo. Sindinamve kalikonse mumtima, chikope sichinandigwedere, ndinatsika masitepe ndikuimba.

Lachisanu achimwene anadzitsekera m'kachipinda kawo kuyambira m'mawa. Ankatenga kamphutsi, kukoka kamzere, n'kukaponya m'bokosi lovindikira kuti fumbi lisagwere. Ndinasuzumira kawiri. Ulendo woyamba ndinaona chotsekera cha khofi chili pambali pa dzanja lawo, ndinati zili bwino. Ulendo wachiwiri ndinawabweretsera tiyi, ndinachionanso, ndipo ndinawaseka kuti akuwerama ngati nkhalamba. Kalanga ine, ndikanangoyang'ana nsonga ya cholemberacho! Koma ndinayang'ana chotsekera, monga ndinawaphunzitsira iwowo.

Cha m'ma fili koloko mayi wolongedza anavundukula bokosi lija.

"Mayo ine! A Diso, ichi n'chiyani?"

Tonse tinathamangira. Timphutsi mazana asanu ndi limodzi, tonse misana ya pepo, pepo weniweni ngati mkanjo wa kwaya. Timizere take towongoka bwinobwino, palibe ndi kamodzi komwe kopaka mopitirira. Ndinatola maka imene inali patebulo, ndinaona nsonga yake, ndinaona chotsekera cha timipata tiwiri, ndipo ndinakumbukira mabokosi a dzulo aja.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa achimwene. Anatenga kamphutsi kamodzi n'kukayandikitsa kumaso. Kwa iwo kanali ka khofi.

"Mwapaka pepo," ndinawanong'oneza.

Anakhala pansi pang'onopang'ono, manja ali pamaondo.

A Dazeni anali atapita kutauni, ndiye tinati tiyesere mwayi. Tinatengera timphutsi tingapo kusinki. Sopo, ayi. Madzi otentha a m'ketulo, ayi. Wina anabweretsa mankhwala oyeretsera zovala, nthenga n'kunyenyeka ngati pepala lonyowa, koma pepo ali pomwepo. Tinayesa sipiliti: anasungunula vanishi wa kumutu, ulusi n'kumasuka, ndipo pepo uja m'malo mochoka anayenderera thupi lonse lachikasu. Ndinayesa kupaka khofi pamwamba pake, chinatuluka chinthu chakuda bii ngati chapsa. Ndinatikita ndi mswachi mpaka mbedza inandilowa m'chala. Achimwene anaima kumbuyo kwanga, akungofunsa, "Yayamba kuchoka?" Ine ndinkati, "Dikirani." Kachitatu anandigwira paphewa.

"Leka, Wailesi. Siichoka imeneyo. Ndinaiyesa ndekha."

Kumatebulo manong'onong'o anali atayamba kale. Munthu wa maso ake angapake bwanji pepo tsiku lathunthu osaona? Wina anapinda dzanja n'kulikweza kukamwa, ena n'kugwedeza mitu. Achimwene anga, amene chibadwire mowa sanaulawepo!

A Dazeni atafika anaima pabokosi paja nthawi yaitali. Anatenga chitsanzo cha wogula, anatenga kamphutsi kathu, anaziika pamodzi pachikhatho. Kenako anatulutsa aliyense m'kachipindamo, kupatula ine, poti ndinakana kusuntha.

"A Diso, zaka zonsezi simunandilakwirepo. Ndiuzeni zoona. Mwayamba kumwa?"

Achimwene anaweramitsa mutu. "Ndalakwa, bwana."

"Sindinafunse zimenezo."

"Ndalakwa basi. Sizichitikanso."

A Dazeni anapumira m'mwamba. "Chabwino. Munthu salakwira mtengo. Mupite kunyumba sabata imodzi, mukaganize bwino za moyo wanu. Mukabwera muyambirenso, koma ndikadzangomva kafungo, tidzasiyana."

Mwamva? Sabata imodzi yokha. Nkhani inali itatha pamenepo. Achimwene anali atasankha kale kuti bola atchedwe chidakwa koma kiyi akhale m'khosi, ndipo anandiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndimve. Ndinamva ndithu. Koma magazi anali atandikwera kumutu. Ndinaganiza za anthu aja akukweza dzanja kukamwa, za alamu akumva kumsika kuti amuna awo amapaka ntchentche ataledzera, ndiponso kuti wolakwa ndine, ndaima pompo ngati mngelo. Pakamwa panatseguka pokha.

"Bwana, musawanyoze achimwene anga! Samwa, ndipo inu mukudziwa. Wolakwa ndine. Ndine ndinasinthanitsa zotsekera dzulo, cha khofi ndinatsekera pa pepo. Ngati n'kulanga, langani ine!"

Ndinayembekeza kuti andikalipira. Sanatero. Anandiyang'ana, anayang'ana achimwene.

"Wasinthanitsa zotsekera, ndamva. Nanga inkiyo potuluka samaiona?"

Pansi ankapopa tayala, tinkamva bwinobwino. A Dazeni anatola chotsekera chija, chala chawo chinapeza timipata tiwiri. Anatsegula kabati n'kuyamba kutola mamaka ena: kampata kamodzi, timipata titatu, mtanda. Ndinkafuna nthaka ing'ambike indimeze. Ndinayamba kubwebweta kuti ndinachekera ana, kuti n'zokongoletsa chabe, koma anangokweza dzanja.

Anatulutsa nthenga ziwiri m'kabati, ina yobiriwira, ina ya khofi, n'kuziika pazenera pamene pali kuwala kwambiri.

"A Diso, ndipatseni yobiriwira. Iwe Wailesi, tembenukira kukhoma."

Ndinatembenuka. Ndikanatsokomola, ndikanati kwatentha, koma zonsezo zikanathandiza chiyani? Ndinamva mpando ukukhwekhwereza, ndinamva achimwene akupuma pafupi ndi zenera. Inatenga nthawi. Kenako anayankhula ndi mawu abwinobwino, ngati akupereka moni.

"Bwana, ndisakutayitseni nthawi. Zonse ziwiri ndikuziona zofanana."

"Chiyambire liti?"

"Chaka chatha, mwezi wachitatu."

"Ndiye nthenga zonse za chaka chino ankasankha ndani?"

"Kulimba ndimamva ndi zala. Mtundu ndi mlongo wangayu."

A Dazeni anakhala pampando wa achimwene n'kugwira mutu. Anadandaula kuti bwanji sitinanene, kuti akanafunsa kwa anzawo za dokotala wina, ndipo ndikhulupirira ankanena zoona. Anati akapalidwa maso n'kuona bwino, khomo ndi lotsegula. Tonse atatu tinkadziwa zimene adokotala ananena za kuseri kwa diso, kapena tinene kuti awiri tinkadziwa ndipo wachitatu anaziwerenga pankhope zathu. Pomaliza anati oda ija iyenera kumangidwanso yonse, kuyambira mawa, ndipo pakufunika munthu wosankha zipangizo lero lomwe.

"Wailesi, waigwira kale ntchitoyi chaka ndi theka mobisa. Uigwire poyera."

Ndinalumpha. Ndinati sindingayerekeze, ndinati apatse wina, ndinati ine ndi amene ndaononga zonse ndiye mundikweza bwanji, kodi mukufuna abale andilodze? Ndinalira ndithu, chimfine chili chuu, manyazi onse atathawa. Achimwene anangovula chingwe chija m'khosi. Chinakodwa pakhutu, anachimasula modekha, n'kufufuza dzanja langa mpaka analipeza.

"Tenga, usachite zachibwana. Ukakana alemba wakunja, ndiye nyumba ziwiri zigona ndi njala m'malo mwa imodzi."

"Achimwene, ndikhululukireni. Ndimafuna kukuyeretsani."

"Ndikudziwa. Tenga."

Ndinatenga. Chingwecho chinali chofunda.

Anatola jekete lawo ndi kapu yawo ya tiyi, ena onse ali pamatebulo, aliyense wayang'ana kambedza kake. Amene anakweza dzanja kukamwa uja anaimirira kuti atsanzike, koma n'kukhalanso pansi. Ndinawaperekeza pamasitepe, tinadutsa pakati pa milu ya matayala, tinafika pamsewu waukulu. Dzuwa linali likadalipo, magalimoto ali piringupiringu. Ine ndinaponda kale mumsewu, koma ndinaona kuti ndili ndekha. Achimwene anaima m'mphepete, kapu ili m'manja.

"Tiyeni, mpata wapezeka."

"Ndigwire dzanja, iwe. Masiku onsewa ndimadikira munthu wina ayambe, ndizitsatira msana wake. Pano ndibisiranso ndani?"

Chaka ndi theka ndinkadziyesa kuti ndikudziwa zonse za maso awo, koma izi sindinkazidziwa. Ndinawagwira dzanja, tinawoloka pang'onopang'ono, wa njinga yamoto wina n'kutitukwana kuti tikuyenda ngati tili paukwati. Tsiku lina ndikanamubwezera mpaka agogo ake, koma ndinangomuyang'ana.

Pa siteji anandifunsa kuti basi imene ikubwerayo yalembedwa chiyani. Ndinawawerengera, sinali yawo. Yachiwiri inali yawo. Ndinati ndikwere nawo ndikawafotokozere alamu, anakana.

"Alamu ako ndikawauza ndekha. Iwe bwerera, anzako mawa amanga ndi chiyani? Nthenga za bakha zili shelefu yachiwiri. Zakumanzere usatenge, zinalowa njenjete."

Anakwera, kondakitala anawakankhira mkati, basi inapita. Ndinaima pamenepo mpaka wogulitsa nthochi anandifunsa ngati ndadwala. Kenako ndinawolokanso msewu, ndinakwera masitepe, ndinatsegula kabati, n'kuyamba kuyang'ana nthenga za bakha pazenera imodziimodzi, koma ndinkachita kupukuta m'maso kaye kuti ndione mtundu wake.